MAU A PA KHONDE: Thumba Ndi la Boma, Nanga Nthaka Ndi ya Yani?

Mwezi watha tinalonjeza kuti tidzalemba za maphunziro a ana okonzekera Ukaristia woyamba, koma nkhani ina yatiima panjira, ndipo tikhulupirira kuti mudzatikhululukira tikaikako mtima lero, pakuti mitambo yayamba kale kusonkhana kumbuyo kwa mapiri a Mphangwe, ndipo mvula siyembekeza mlembi.

Lamulungu lina posacedwapa, titatha mapemphero pa chalichi cathu ca kumudzi, anthu sanabalalike monga acitira masiku onse. Anakhala pansi pa mango, amuna uku akazi uko, cifukwa wapampando wa kopaletivu anabwera ndi pepala la maina a awo amene adzalandira fataleza ndi mbeu za boma. Sitinaonepo akhristu akuchera khutu motero, ngakhale pa ulaliki wa Lacisanu Loyera. Dzina likachulidwa, nthungululu. Pepala litatha, ena anaweramitsa mitu nanyamuka mwakacetecete. Koma amene anatidabwitsa ndi mai wina wamasiye, wa m'bungwe la amai a Anna Woyera, amene dzina lake linamveka bwino lomwe pakati pa oyamba, koma iye anangokhala cete, manja pamiyendo. Tinamuyandikira ndi kufunsa kuti, "Amai, kodi simunamve dzina lanu?" Iye anati, "Ndamva, aphunzitsi. Caka cino ndi cacisanu ndi ciwiri ndikulandira. Koma munda wanga uli ngati mwana wa njoka zam'mimba. Akudya, koma sanenepa. Pamene malemu anali moyo tinali kututa ngolo zisanu ndi imodzi. Tsopano ngolo zitatu, ndipo kaufiti wafiira munda wonse."

Mau amenewa sanatipatse tulo. Liu lakuti boma m'cinenero cathu lisenza akatundu awiri: boma ndi awo olamulira ku Lusaka, boma ndi dera lathu lino la Katete, ndi midzi yake, madambo ake ndi minda yake. Boma loyambalo litumiza thumba caka ndi caka. Boma laciwirili ndilo nthaka imene thumbalo lithiridwapo. Tazolowera kufunsa ngati thumba lafika. Mai uja anatifunsa cina, ngakhale sanacinene motero: nanga pothirapo pali bwanji?

Ife amene tapyola zaka makumi asanu tinakulira m'masiku a NAMBOARD, imene inakhazikitsidwa mu 1969. Fataleza anali wochipa, ngongole inali pafupi, ndipo cimanga cinali kugulidwa pamtengo umodzi, kaya uli pafupi ndi njanji kaya uli kumalire a Mozambique. Ca m'ma 1980 kunabwera ulimi wa Lima, ndi cingwe cake ndi kakapu koyezera fataleza, ndipo kucokera pamenepo liu lakuti lima linakhala muyezo wa munda, gawo limodzi la magawo anai a hekitala. Makolo athu anaona cimanga ca haibulidi cikubala ngati maloto, nasiya mapira, mawere ndi maungu a pakati pa mizere, cifukwa alangizi anati munda wa munthu wotsogola ukhala wa mbeu imodzi. Sitiwaimba mlandu. Ifenso tinalipiridwa sukulu ya mishoni ndi ndalama za cimanga comweco. Koma nyumba imeneyo inamangidwa pa ndalama za mkuwa, ndipo mkuwa utagwa mtengo, zipupa zinayamba kung'ambika. NAMBOARD inatha mu 1989. Boma limene linalowa mu 1991 linasiya malonda a mbeu m'manja mwa amalonda, cilala ca 1992 cinatipeza tiri cimodzimodzi mwana wosiyidwa panjira, ndipo zaka khumi zimenezo zisanathe Lima Bank nayo inatsekedwa.

Pali cinthu cimene ambiri aiwala za zaka zowawazo. Ndi pamene fataleza anasowa m'pamene anthu anayamba kukumbukira nthaka. Ku Msekera, pafupi ndi Chipata, akatswiri anali kuyesa kugoneka munda zaka ziwiri pansi pa timitengo tobwezera conde, monga jerejere, ndipo alimi ambiri m'cigawo cino anatengera nzeruyo. Mu 1996 bungwe la alimi la ZNFU linayambitsa nthambi ya Conservation Farming Unit, imene inatibweretsera ulimi wa maenje, uwu timauchula gamphani. Ndipo mu 2002, m'nthawi ya malemu Levy Mwanawasa, thumba la boma linabwerera: matumba 8 a fataleza ndi makilogalamu 20 a mbeu, okwanira hekitala imodzi. Mu 2009 dzina linasintha kukhala FISP, matumba anatsika kufika pa 4 kuti olandira acuruke. Mu 2015 anayesa makadi m'maboma 13, kuti mlimi azisankha yekha zimene afuna m'sitolo, kenaka m'madera ambiri anabwereranso kukapereka matumba, ndipo mu 2024 njira ya vocha inafika m'maboma 74, boma nkulengeza kuti mu 2025 ifika m'maboma onse 116. M'zaka zaposacedwazi olandira akhala opitirira pang'ono miliyoni imodzi, aliyense akuikapo K400 yake. M'midzi yathu tinaona ndi maso kuti thumba litabwerera, timitengo tija tinazulidwa mmodzimmodzi. Ndani agoneka munda zaka ziwiri pamene thumba lingaudzutse m'masabata atatu?

Tisamveke molakwa. Sitiri pakati pa awo amene amakhala m'maofesi ozizira ndi kunena kuti thandizo la fataleza lithetsedwe mawa. Amene anena zotere sanaikepo mwana m'manda mwezi wa Febuluwale. Mu 2025 bungwe la FRA, limene linabadwa ndi lamulo la 1995, linaika mtengo wa K340 pa thumba la cimanga la makilogalamu 50, ndipo pamtengo umenewo mlimi wogula yekha fataleza m'sitolo agulitsa matumba pafupifupi atatu a cimanga kuti apeze thumba limodzi. Mai wamasiye uja sangakwanitse zimenezo. Mukamulanda thumba la boma mwamulanda nsima. Cimene tinena ndi cakuti thumba ndi cakudya ca cimanga ca caka cimodzi, osati mankhwala a munda. D Compound apatsa mbeu zokulitsa mizu, urea apatsa zobiriwitsa masamba, koma palibe mmodzi wa awiriwa amene abwezera zoolerana m'nthaka, zimene zisunga madzi monga thonje lisunga mafuta. Ndiponso urea wothiridwa caka ndi caka pamalo amodzi, popanda laimu kapena manyowa, awawitsa nthaka pang'onopang'ono, ndipo nthaka yowawa imamanga cakudya cina cimene mwathira, mizu osacifikira. Onjezerani khasu ndi pulawo zimene zakhala zikupita pakuya kumodzimodzi zaka makumi atatu, mpaka pansi pake pauma ngati pabwalo la sukulu. Mvula ikagwa, madzi salowa. Athamanga pamwamba, natenga dothi labwino ndi fataleza yemwe, kupita nazo kumtsinje. Kaufiti amene anafiira munda wa mai uja ndi kalata yocokera kwa nthaka, yonena kuti yatopa.

Caka ca 2024 cinatiphunzitsa zimenezi ndi ndodo. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 anakhudzidwa, ndipo mwa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga amene anabzalidwa, pafupifupi miliyoni imodzi anapserera. Dziko lonse linatuta matani pafupifupi 1.5 miliyoni cabe. Ife poyenda panjinga kukaona odwala m'miphakati, tinali kudutsa minda iwiri yogundana malire. Wina unali wa mizere, wothiridwa matumba onse a boma, ndipo cimanga cinapota masamba ngati anyezi sabata laciwiri la dzuwa. Winawo unali wa maenje okumbidwa m'cilimwe, ophimbidwa ndi mapesi, ndipo unapirira masabata ena awiri. Sitinama kuti mwini wake anadzaza nkhokwe. Dzuwa la caka cimeneco silinasiye munthu. Koma anatuta kanthu kofikitsa ana ku Okutobala, pamene mnzake anayamba maganyu mwezi wa Meyi. Caka cotsatira mvula inagwa bwino, dziko linatuta matani opitirira 3.6 miliyoni, ndipo tonse tinaiwala msanga, monga mwa cizolowezi cathu.

Tsono wina adzati, ngati gamphani ndi wabwino motero, bwanji anthu onse sacita? Funso limeneli amafunsa kawirikawiri alendo obwera ndi magalimoto oyera, ndipo amayankha okha kuti anthu akumudzi ndi aulesi kapena osamva. Tiyeni tiwerenge pamodzi. Alangizi aphunzitsa kuti mizere italikirane masentimita 90, maenje atalikirane masentimita 70, dzenje lirilonse likhale lakuya ngati cikhato ndi theka kuti liswe pouma paja. Pa hekitala imodzi pakhala maenje pafupifupi 15,800. Pa lima imodzi, pafupifupi 4,000. Akumbidwa ndi khasu lolemera la Chaka, m'nthaka youma ya Ogasiti ndi Seputembala, ndi munthu amene m'mawa wamwa phala lopanda shuga. Ndipo popeza munda sunagalauzidwe, udzu umera ndi ukali caka coyamba ndi caciwiri, ndipo opalira ndi amai ndi ana. Amene ali ndi ng'ombe angagwiritse nchito ripa ya Magoye, nang'amba mizere m'masiku owerengeka. Amene ali ndi ndalama agula mankhwala ophera udzu. Koma mai wamasiye alibe ng'ombe, alibe ndalama, ndipo msana wake ndi umodzi. Ulimi wosunga nthaka ufuna kuti wosauka alipire lero ndi thukuta, phindu lidzabwere caka cacitatu. Thumba la boma lipereka phindu lero, ngongole nkuisiyira zidzukulu. Munthu wanjala akasankha thumba, sitinganene kuti ndi wopusa.

Ndipo ngakhale akumbe, aphimbe, adzadzuka tsiku lina m'mwezi wa Julayi napeza munda uli phulusa lokhalokha, cifukwa anyamata osaka mbewa anaponya moto madzulo. Akapulumuka moto, ng'ombe za mnzake zidzadya mapesi onse, pakuti mwambo wathu uti kukolola kukatha minda ndi busa la mudzi wonse. Pano tiyenera kudziloza tokha. Anyamata a mbewawo sacokera ku Lusaka. Ndi ana athu, ena ndi otumikira pa guwa. Ng'ombezo ndi za akuluakulu a mpingo. Ifenso olemba mau ano tinalekerera ng'ombe zathu ziwiri m'munda wa mnansi caka ca 2023, ndipo pamene anabwera kudzadandaula tinamuyankha ndi mwambo, ngati kuti mwambo unaikidwa kuti uteteze okhala ndi khola okha. Tinapita kukapepesa patapita mwezi, koma mapesi anali atalowa kale m'mimba mwa ng'ombe. Palibe nduna ya boma imene ingaletse moto wa mbewa. Angauletse ndi anyakwawa ndi mafumu, ndipo kumene mfumu yaika lamulo ndi cindapusa ca mbuzi, minda ikhala yophimbika mpaka mvula.

Tsopano tifike pa ndalama za kusunga cilengedwe, zimene ambiri amva pa wailesi koma sanazione. Ziripo ndithu. Bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003 m'cigwa ca Luangwa, linapeza njira yogula nshawa, mpunga, soya ndi uci kwa alimi amene alonjeza kusiya misampha ndi mfuti ndi kubzala gliricidia m'minda, ndipo katundu wake mumamuona m'masitolo ndi dzina la It's Wild. Lamulo la nkhalango la 2015 linatsegula khomo lakuti mudzi ungalembetse nkhalango yake ndi kuiyang'anira wokha mwalamulo. Kunabweranso nchito ya ZIFLP, ya cigawo ca Kum'mawa cokha, imene Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ndi anzake anaikamo madola 32.8 miliyoni. Ndipo mu 2024 boma linasaina pangano ndi banki yomweyo lakuti cigawo cino cingalandire mpaka madola 30 miliyoni ngati cicepetsa mpweya woipa ndi matani 3 miliyoni. Izi ndizo anthu amachula ndalama za kaboni, kapena za mphepo. Tanthauzo lake ndi ili: mtengo woima usunga m'thupi mwake mpweya umene ukanatenthetsa dziko, ndipo maiko amene mafakitale ao atulutsa utsi wambiri alipira kuti mtengowo usadulidwe. Nkhalamba ina itamva zimenezi inaseka, niti azungu anayamba kugula minyanga, kenaka fodya, tsopano afika pogula mphepo.

Koma taikani ziwerengerozi pambali pa zina. M'bajeti ya 2025 FISP yokha inapatsidwa K9.3 biliyoni ya caka cimodzi. Madola 32.8 miliyoni aja, amene anagawidwa pa zaka zingapo, mukawasintha pamtengo wa 2025 safika ngakhale K1 biliyoni. Tidziwa kuti kuyerekeza kumeneku sikulungama kwenikweni, pakuti ina ndi ya dziko lonse, inayo ya cigawo cimodzi. Komabe cithunzi cioneka. Ndalama ya thumba icokera m'thumba la dziko lathu, ndipo ibwera caka ciriconse, makamaka caka ca masankho cikayandikira. Ndalama ya nthaka ndi mitengo kawirikawiri icokera kwa alendo, ibwera ndi dzina la pulojekiti, ikhala zaka zisanu, nicoka, kusiya cikwangwani pamphambano ndi njinga zothyoka. Kwa zaka zambiri fataleza ndi kugula cimanga zadya gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zaulimi, ndipo zotsalira za alangizi, kafukufuku, madamu ndi madibi a ng'ombe zakhala nyenyeswa. Mlangizi wa kampu ndiye munthu amene akanakhala pakati pa thumba ndi nthaka. Koma miyezi imene ayenera kukhala m'minda kuphunzitsa maenje, Ogasiti mpaka Novembala, ndiyo imene amathera pa mapepala a maina a olandira fataleza. Tinaphunzitsa mbusa, nkumusandutsa kalaliki.

Pa ndalama za kabonizi tiri ndi nkhawa ina, ndipo tiinena poyera. Mnyamata amene aocha makala sacita cifukwa codana ndi mitengo. Acita cifukwa thumba la makala pamseu wa Great East lipereka ndalama madzulo omwewo. Mukamuuza kuti asiye, ndalama ya mphepo idzabwera, ayenera kudziwa kuti idzabwera liti, kwa yani, ndi zingati. Ngati ndalamayo ithera pa misonkhano ya m'mahotela a ku Chipata, kapena ifika kumudzi ngati mphekesera cabe yakuti komiti inalandira, ndiye kuti wosauka wasunga nkhalango, wina wadya. Kumene ndalama zotere zamanga cipatala caching'ono kapena kukumba mjigo, ndipo anthu auzidwa pamsonkhano kuti zinabwera zakuti, zapita pakuti, nkhwangwa zimagona. Mkhristu wosankhidwa m'komiti yotere adziwe kuti buku la ndalamazo ndi nkhani ya lamulo lacisanu ndi ciwiri, ndipo aliwerenge mokweza pamaso pa mudzi, ngakhale ena akwiye.

Makolo athu ali ndi cifukwa cokayikira aliyense wobwera ndi mau akuti kusunga nthaka. Atate athu anali kusimba za masiku a atsamunda, pamene anthu anapanikizidwa m'malo ocepa cifukwa malo abwino anali m'manja mwa kampani ya North Charterland, mpaka boma la nthawiyo linawatenga mu 1941 ndi kuyamba kusamutsirako midzi. M'malo atsopanowo munthu anali kukakamizidwa kuunda milambala, ndipo wokana anali kulipitsidwa. Milambalayo inali yabwino. Ina ikali kuoneka m'minda yakale, ndipo pamene iri palibe zigwembe. Koma popeza inabwera ndi cikoti, ufulu utafika anthu anaiphwasula ngati cizindikiro ca ukapolo. Nzeru yabwino inafa cifukwa ca dzanja limene linaibweretsa. Amene abweretsa mapulojekiti lero angapindule kumva nkhani imeneyi kwa nkhalamba zisanathe.

Pali mtengo umodzi umene tiukonda koposa, ndiwo msangu. Mlengi anaupatsa khalidwe losiyana ndi mitengo inzake: mvula ikayamba uyoyola masamba, cimanga ca pansi pake nkulandira dzuwa ndi manyowa pamodzi, ndipo m'cilimwe ubiriwira, nupatsa ng'ombe mthunzi ndi nyemba zake. Alangizi ati ubzalidwe mamita khumi uku ndi uku, mitengo 100 pa hekitala. Bvuto lake ndi limodzi, ucedwa. Wobzala msangu lero adzaona phindu lake lenileni mwana wobadwa caka cino ali kusekondale. Ndipo apa nkhani ya nthaka ikumana ndi nkhani ya banja, imene iri nchito yeniyeni ya magazini ino. Tinafunsa bambo wina wa mumphakati wathu cifukwa cake mbande zimene analandira zinaumira m'machubu kuseri kwa nyumba. Anati, "Aphunzitsi, ine pano ndine mkamwini. Akazi anga akatsogola, abale ao adzandionetsa njira. Ndibzalire yani?" Tinamuyankha kuti abzalire ana ake, amene mundawo udzakhala wao. Anaseka pang'ono, nati anawo ndi a kwa amalume ao. Kwa Angoni nkhani itembenuka: ndi mkazi wamasiye amene aopa kuti abale a mwamuna adzamulanda munda akauona wakongola. Palibe vocha imene ingacize mantha amenewa. Angacize ndi mabanja okhala pansi pamodzi ndi anyakwawa, onse ali moyo, ndi kunena momveka kuti munda uwu ndi mitengo yake zidzatsala ndi yani. Aphungu a maukwati m'maparishi athu aphunzitsa zambiri za cikondi ndi kulera ana. Tipempha kuti aonjezeko phunziro la munda.

Buku la Levitiko, mutu 25, linalamula Aisraele kuti caka cacisanu ndi ciwiri ciriconse munda upumule, ndipo cifukwa cimene lipereka ndi cakuti mwini dziko ndi Mulungu, anthu ndi alendo okhalamo. Mlimi wa malima awiri sangagoneke munda wonse caka cathunthu, ndipo sitimuuza kuti atero. Koma angaupumuze mbali ndi mbali: kumene kunali cimanga caka cino kukhale nshawa kapena soya caka camawa, nyamundolo alowe pakati, mapesi agone pamene anamera. Malemu Papa Fransisko, m'kalata yao ya Laudato Si' ya mu 2015, anaphunzitsa kuti kuonongeka kwa cilengedwe kumayamba kupweteka osauka, ndipo kuti nkhani ziwirizi siziyenera kulekanitsidwa. Ansembe ndi abale a Ciyezuiti ku Kasisi, pafupi ndi Lusaka, akhala akuphunzitsa alimi kuyambira 1974, ndipo kwa zaka zambiri aonetsa kuti kompositi ndi mbeu zobwezera conde zingadyetse banja. Mpingo suli mlendo pankhaniyi. Cimene cisowa ndi cakuti zifike pa ulaliki wa m'machalichi a kumidzi, kumene ife makatekisiti ndife tiima kutsogolo masabata atatu mwa anai.

Njira ya vocha iri ndi khomo limene ambiri sitilowapo. Colinga cake pociyambitsa cinali cakuti mlimi asamangidwe pa cimanga cokha, koma athe kutengako mbeu zina ndi zofunika zina za pamunda. Koma tikafika pasitolo tonse tiloza fataleza ndi cimanga, ndipo wasitolo, podziwa zimenezi, sasunga laimu kapena mbeu ya nyemba yokwanira. Kopaletivu ikapita pamodzi mwezi wa Seputembala ndi kunena kuti ife anthu makumi anai tidzafuna zakuti, wamalonda adzabweretsa, pakuti iye atsata ndalama. Tinenenso mwamanyazi kuti makopaletivu ambiri ndi a nyengo imodzi ngati bowa: amera mu Okutobala, nafota matumba akagawidwa. Ndipo si cinsinsi kuti ena mwa ife, tikalandira, tigulitsa matumba awiri kwa anyamata a masikelo tsiku lomwelo. Ena acita cifukwa mwana wadwala kapena sukulu yaitana, ndipo amenewo sitiwaweruza. Ena acita cifukwa ca kacasu.

Khomo lina ndi CDF. Mu 2022 ndalama ya dera lirilonse la phungu inakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 inali K36.1 miliyoni. Ndalama imeneyi, mosiyana ndi ya mapulojekiti, ndi ya dziko lathu, ndipo zopempha ziyambira ku komiti ya citukuko ya wadi, kumene munthu wamba angaime ndi kulankhula. Tapempha makalasi, madesiki ndi nyumba za anamwino, ndipo tacita bwino. Koma pa misonkhano imene ife takhalapo sitinamvepo munthu akupempha kadamu kochinga madzi pamtsinje wouma, kapena nazale ya mbande yoyang'aniridwa ndi acinyamata, kapena maripa khumi obwerekana, kapena kutseka cigwembe cimene cikudya munda wa sukulu mita imodzi dzinja lirilonse. Zinthu zotere ziribe khoma lopakapo dzina la munthu, ndiye cifukwa cake andale sazikumbukira okha. Msonkhano wa wadi uitanidwa mkati mwa sabata, nthawi imene amai ali kudimba, ndipo opezekapo ndi amuna omwe aja a masiku onse. Tapempha tsopano amai a Anna Woyera kuti asankhe awiri oti azipita, ndipo mphakati udzawalipirira njinga.

Za mai wamasiye uja, tinakambirana Lacitatu mumphakati. Panali kutsutsana, pakuti ena anati amasiye ndi ambiri, tikayamba ndi mmodzi ena adzadandaula, ndipo mau amenewo ndi oona. Tinagwirizana kuyamba ndi theka la lima m'munda wake, maenje 2,000, ndipo caka camawa tidzapita kwa wina. Loweruka acinyamata khumi ndi anai anabwera ndi makasu, ena mwa iwo omwe aja a mbewa. Pofika masana anali atakumba 1,300, manja atatuluka matuza, ndipo otsalawo atsala a Loweruka likudzali. Bambo wa ng'ombe zambiri pamudzi walonjeza ngolo ziwiri za manyowa. Tidzaona ngati zifika. Mbali ya kaufiti tamupempha mai uja abzale nshawa, ndipo anabvomera monyinyirika, akuti nshawa siphika nsima. Anyakwawa tawaona kale za moto ndi ng'ombe, ndipo ati adzaitana mudzi mvula ikagwa, anthu akakhala pamodzi. Tinawakumbutsa mwaulemu kuti moto umabwera mu Julayi, ndipo kuti tidzabweranso mu Meyi kudzafunsa.

Za ana a Ukaristia woyamba tidzalemba mwezi wamawa, Mulungu akalola.